Ng'oma, kiyibodi ndi ulemu m'mapemphero a mpingo wa Lutheran

Mnyamata wina amene ndi wapampando wa kwaya pa mpingo wa Lutheran m'tauni ina wandilembera imelo. Wapempha kuti dzina lake ndi la mpingo wake zisatchulidwe, choncho ndingokopera pamene pali funso lake:

"Pa mpingo pathu pabuka mpungwepungwe. Achinyamata tikufuna kuti Lamulungu m'tchalitchi muzilira ng'oma, tiziimba makolasi, tizivinanso popita kukapereka chopereka. Akuluakulu ena akanitsitsa kwamtuwagalu. Akuti chi-Lutheran ndi nyimbo za m'buku ndi mwambo wa mapemphero monga momwe amishonale adatisiyira, ndipo kuvina m'nyumba ya Mulungu ndi mwano. Anzanga angapo adasiya kale kubwera, akupita kumafelosipu. Kodi akulondola ndani? Luther akadakhalapo akadati chiyani?"

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Musataye mtima, mkangano umene wabuka kwanuwo si wachilendo. A Lutheran adayamba kukokanakokana pa nkhani yomweyi mpingo wawo udakali wakhanda. Koma mmene ndikuonera ine, mbali zonse ziwiri mwaika malire pamalo polakwika. Akuluakulu aika malire pakati pa buku ndi ng'oma. Inu mwawaika pakati pa zachizungu ndi zakwathu. Chiphunzitso cha mpingo wanu chimaika malirewo kwina: pakati pa zimene zimathandiza munthu kumva ndi kulandira zomwe Khristu akupereka m'Mawu ndi m'masakramenti, ndi zimene zimaphimba mphatsozo. Ng'oma ikhoza kupezeka mbali iliyonse ya malire amenewa. Buku la nyimbo nalonso chimodzimodzi.

Popeza mwafunsa za Luther, tiyeni tiyambire kwa iyeyo.

M'chaka cha 1521 Martin Luther adabisidwa m'nyumba ya malinga ya Wartburg ku Germany, mfumu yaikulu Charles V italamula kuti agwidwe. Ku Wittenberg komwe ankaphunzitsa kudatsala mnzake Andreas Karlstadt, munthu wophunzira kwambiri koma waphuma. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho Karlstadt adatsogolera Misa atavala zovala wamba, mawu a Mgonero adawanena m'Chijeremani m'malo mwa Chilatini, ndipo adapereka mkate ndi chikho kwa anthu onse. Pasanapite nthawi anthu adayamba kugwetsa zithunzi ndi zosemasema m'matchalitchi. Zambiri mwa zimene Karlstadt ankafuna, monga chikho kwa onse ndi chilankhulo chomveka, Luther ankazifunanso. Komabe m'Malichi 1522 adatuluka kobisala kuja, moyo wake uli pachiswe, nalalikira maulaliki 8 masiku 8 otsatizana, kudzudzula anzake omwewo. Mfundo yake idali yakuti zinthu zina zimene adachitazo zidali zoona, koma adazichita mopanda chikondi, pokokera anthu ku zinthu zomwe mitima yawo idali isanaphunzitsidwe. Iye adati Mawu alalikidwe kaye, zolakwikazo zigwa zokha.

Taonani mmene iye mwini adayendera. Mwambo wa mapemphero umene adalemba mu 1523 udali udakali m'Chilatini. Adangochotsamo mapemphero ophunzitsa kuti Misa ndi nsembe yomwe wansembe amapereka kwa Mulungu kulipirira machimo. Misa ya m'Chijeremani adaisindikiza mu 1526, patapita zaka zinayi chichokereni ku Wartburg. M'mawu ake oyamba a m'bukumo adachonderera kuti anthu asausandutse mwambowo lamulo lomanga chikumbumtima cha wina aliyense. Koma munthu yemweyo mu 1525 adalembera Akhristu a ku Livonia, dera lomwe lero kuli maiko a Latvia ndi Estonia, kuwalangiza abusa kuti agwirizane pa mwambo umodzi m'dera lawo, wina asamachite zake wina zake, chifukwa anthu wamba amasokonezeka. Ufulu adauteteza, chisokonezo adachikana, ndipo sankaona kuti ziwirizi zikutsutsana.

Pali chinthu chimodzi chimene Luther adalemba mu 1525 chomwe ndimalakalaka mtsogoleri wa kwaya aliyense m'Malawi muno atachidziwa. Anthu ankamufulumizitsa kuti atulutse Misa ya m'Chijeremani, pomwe ena adali atangomasulira mawu a Chilatini n'kuwaika pa maimbidwe akale omwewo. Iye sadaziletse zimenezo, koma adati sizimveka bwino. Adati mawu, kamvekedwe ndi maimbidwe ziyenera kuphuka kuchokera m'chilankhulo chimene munthu adayamwira, apo ayi kumangokhala kutsanzira ngati anyani. N'chifukwa chake adakhala pansi ndi katswiri wa nyimbo Johann Walter kukonza maimbidwe ogwirizana ndi Chijeremani.

Tsopano tsegulani buku lililonse la nyimbo zakale zomasuliridwa m'Chichewa, muyang'ane kumapeto kwa mizere. Mupeza "-tu", "-di", "-yo", "-mo" zochuluka, ndi mawu odulidwa mitu kapena michira. Omasulira aja sadali mbuli ayi. Vuto lidali lakuti Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, pomwe maimbidwe ambiri a ku Ulaya amatsikira mwamphamvu pa phatikizo lomaliza. Ndiye adachita kuwonjezera kachidutswa kuti mzere ukwane. Komanso chilankhulo chathu chili ndi kukwera ndi kutsika kwake kwa mawu, ndipo nyimbo yachilendo nthawi zina imakweza pomwe ife timatsitsa. Sindikunyoza nyimbozi. Ndimazikonda, ndipo chiphunzitso chili mmenemo n'chozama kuposa makolasi ambiri amene tikuimba lero. Agogo athu adaikidwa m'manda ndi nyimbo zimenezi, ndipo zidasanduka zathu. Koma wonena kuti chi-Lutheran chenicheni ndi kuimba Chichewa pa maimbidwe a ku Germany basi, akutsutsana ndi Luther mwini wake.

Ndipo ntchito yopeka nyimbo zachikhristu pa maimbidwe a kuno si yatsopano. Kumpoto, mu mishoni ya Livingstonia, Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu achingoni ndi achitumbuka kupeka nyimbo pa maimbidwe a kwawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole adasiya nyimbo zomwe zikuimbidwabe. Pakati pa a Lutheran eni ake, ku Tanzania m'busa Bernard Kyamanywa adalemba nyimbo ya Pasaka m'Chiswahili pa maimbidwe a Chihaya, ndipo lero idamasuliridwa n'kulowa m'mabuku a nyimbo a mipingo ya Lutheran ku America, kuphatikizapo mipingo yosunga mwambo kwambiri. Nyimbo yochokera ku Africa ikuimbidwa ndi limba kumene kudachokera amishonale.

Ndikuchenjezeni pa mfundo imodzi imene achinyamata amakonda kutchula, yakuti Luther ankatenga nyimbo za kumowa n'kuzilowetsa m'tchalitchi. Musaigwiritse ntchito, si yoona. Maimbidwe ake ambiri adachokera ku nyimbo zakale za mpingo za m'Chilatini, ku nyimbo zachipembedzo zomwe Ajeremani ankaimba kale, ndipo ena adapeka yekha. Pali nyimbo ina ya Khirisimasi imene poyamba adaiika pa maimbidwe a nyimbo yamasewera yotchuka, koma pofika 1539 idapatsidwa maimbidwe akeake.

Tibwere ku zimene mpingo wanu umavomereza, chifukwa maganizo a Luther paokha si lamulo. Kaya muli mu Lutheran Church of Central Africa, imene idayamba ku Zambia mu 1953 n'kufika ku Blantyre mu 1963, kaya muli mu Evangelical Lutheran Church in Malawi imene idayamba mu 1982, abusa anu amavomereza Chivomerezo cha ku Augsburg cha 1530. Ndime ya 7 ya chivomerezochi imati pa umodzi weniweni wa mpingo n'kokwanira kugwirizana pa chiphunzitso cha Uthenga Wabwino ndi kaperekedwe ka masakramenti, ndipo sikofunika kuti miyambo yokhazikitsidwa ndi anthu ikhale yofanana paliponse. Imeneyi ndi ndime yanu achinyamata. Koma musatseke buku. Ndime ya 24 imati a Lutheran akunamiziridwa kuti adathetsa Misa, pomwe Misa adaisunga ndipo amaichita ndi ulemu waukulu koposa. Imeneyo ndi ndime ya akuluakulu. Zonse zidawerengedwa tsiku limodzi pamaso pa mfumu imodzi.

Mu 1539 m'busa wina wa ku Berlin, Georg Buchholzer, adadandaulira Luther kuti wolamulira dera lawo, Joachim II, akufuna kusunga mikanjo yambiri ndi maulendo a ndawala ozungulira tchalitchi. Luther adamuyankha kuti ngati wolamulirayo akulola Uthenga Wabwino kulalikidwa moona ndi masakramenti kuperekedwa monga Khristu adalamulira, avale mikanjoyo, ngakhale itatu, ndipo ngati wolamulirayo akufuna, atsogole akuvina ndi azeze ndi ng'oma monga Davide adachitira pamaso pa likasa. M'kalata imodzi adalola mkanjo ndi kuvina komwe, pa chifukwa chimodzi: palibe mwa izi chimene chimawonjezera kapena kuchotsa kanthu pa Uthenga Wabwino, bola chisasanduke chofunika pa chipulumutso.

Mwina pofika pano mukuona ngati ndakupatsani chigonjetso. Dikirani, chifukwa pali zimene akuluakulu anu akuona zomwe mwina akulephera kuzifotokoza bwino.

Mapemphero a Lutheran adamangidwa pa chikhulupiriro chakuti Lamulungu m'mawa woyamba kutumikira ndi Mulungu, osati ife. Taganizirani mmene mwambowo umayendera. Timayamba m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, dzina limene tidabatizidwamo. Tivomereza machimo, abusa nalengeza chikhululukiro. Tifuula kuti Ambuye atichitire chifundo. Timva Malemba, osati amene abusa awakonda sabata imeneyo okha, koma otsatira chaka cha mpingo, kuti tiyende ndi Khristu kuchokera ku Betelehemu kukafika pa mtanda, kumanda opanda kanthu ndi pa Pentekoste. Tivomereza chikhulupiriro, timva ulaliki wosiyanitsa Lamulo ndi Uthenga Wabwino, tipempherera onse, kenako tibwera ku gome la Ambuye komwe timakhulupirira kuti tikulandira thupi ndi mwazi weniweni wa Khristu. Pomaliza tidalitsidwa. Ndondomeko imeneyi si ya Ajeremani kapena Aamerika. Mbali zake zikuluzikulu, kuwerenga Malemba, ulaliki, mapemphero ndi Mgonero, zidafotokozedwa kale ndi mphunzitsi wachikhristu Justin Martyr ku Rome cha m'chaka cha 150. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale tsiku limene ulaliki wafooka, munthu amatulukabe atamva kuti machimo ake akhululukidwa.

Tsopano taonani zimene zimachitika kawirikawiri tikati tikusintha kuti zigwirizane ndi chikhalidwe chathu. Makwaya anayi, iliyonse nyimbo zitatu. Chopereka cha mpikisano, dera ndi dera, wolengeza atagwira maikolofoni kukokomeza kuti awa awaposa awa, mpaka ola lathunthu latha. Pofika nthawi ya ulaliki ana akulira ndi njala, amayi akuganiza za nkhomaliro, abusa aona nkhope za anthu n'kudula uthenga pakati. Mgonero uchitika mothamanga, ena atatuluka kale. Ndipo m'nthawi yonseyi woimba kiyibodi waika kamvekedwe kamodzimodzi kongodzilira kokha, masipika akugwedeza malata, moti gogo amene wakhala pafupi nanu mukungoona milomo yake ikuyenda koma mawu ake osamveka. Pakapita miyezi ingapo amasiya kuimba n'kumangoonerera.

Achimwene, zimenezi si chikhalidwe cha Amalawi. Zambiri tidaziona pa TV ndi pa YouTube, m'mapemphero a ku America, ku Nigeria ndi ku South Africa. Kuimba kwathu kwenikweni n'kwakuti mmodzi atsogole, khamu lonse livomereze, mawu a amayi pamwamba, besi ya abambo pansi, popanda woonerera. Pitani pa maliro kumudzi usiku mukamve mmene anthu amaimbira popanda magetsi. Chimene Luther adalimbikira n'chakuti mpingo wonse uimbe, osati ansembe ndi kwaya okha, ndipo pa mfundo imeneyi mwambo wathu wa kuimba mopolokezana uli pafupi kwambiri ndi chi-Lutheran kuposa gulu la anthu asanu oimirira kutsogolo ndi maikolofoni. Ine mantha anga sali pa ng'oma. Ng'oma yoimbidwa ndi manja a munthu amene akumvetsera mpingo imatsika anthu akatsika, imakwera akakwera. Mantha anga ali pa chilichonse chimene chimatseka pakamwa pa mpingo.

Palinso nkhani ya mawu a m'nyimbo. Mutenge makolasi khumi amene mukufuna kulowetsa, mulembe mawu ake papepala, muwawerenge opanda kuimba. Mudzifunse: ndani akuchita kanthu m'nyimbomu, Khristu kapena ine? Kodi mtanda ulimo? Kodi ikulonjeza zimene Mulungu adalonjezadi, kapena ikulonjeza galimoto ndi kugwa kwa adani anga? Makolasi ena ndi Malemba okhaokha ndipo ndi abwino zedi. Ena Msilamu kapena munthu wosapemphera akhoza kuwaimba osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Anthu amaiwala ulaliki pofika Lachitatu koma nyimbo amapita nayo kumunda ndi kuchigayo, choncho kwaya imaphunzitsa mpingo, ifune isafune.

Akuluakulu nawonso ndili nawo mawu, ndipo mukawauze mwaulemu. Ulemu suli ndi maonekedwe amodzi pa dziko lonse. Mzungu amaimirira pofuna kulemekeza wamkulu. Ife timatsika: mayi amagwada, bambo amanjuta, ndipo palibe amene amalankhula ndi mfumu ataima chilili iyo itakhala pansi. Mphatso timalandira ndi manja awiri. Tili ndi kuomba m'manja kwa ulemu, kwa manja ofumbata, kosiyana ndi kuomba kwa pa mpira. Mayi akaimba nthungululu mwana akubatizidwa sakuchita chipongwe, akuchitira umboni kuti chachitika apa n'chachikulu. Tili ndi chuma chambiri cha ulemu chomwe sitinachilowetse mokwanira m'mapemphero, chifukwa tidazolowera kuganiza kuti "chikhalidwe chathu" ndi phokoso ndi kuvina basi. Chonsecho Mmalawi amadziwa bwino lomwe nthawi yokhala chete. Pa bwalo la milandu mfumu ikamagamula palibe amatsokomola. Baibulo lomwelo limene limati timtamande ndi lingaka ndi kuvina mu Salimo 150 limatinso pa Ahebri 12:28 timtumikire ndi ulemu ndi mantha. Povomereza machimo ndi pa gome la Ambuye pakhale bata lenileni. Pa Lachisanu Loyera ng'oma igone. Pa Pasaka m'mawa ilire mpaka oyandikana nafe adziwe kuti manda ali pululu. Chaka cha mpingo chidatipatsa kale nthawi yolira ndi nthawi yovina.

Pali mbali ina yovuta imene sindifuna kuidumpha. Luther atamwalira mu 1546, Charles V adagonjetsa mafumu a Lutheran pa nkhondo mu 1547 n'kuyamba kuwakakamiza kubwezeretsa miyambo ya Chikatolika. Philip Melanchthon, yemwe adalemba Chivomerezo cha ku Augsburg, adalola zina mwa izo mu 1548 poganiza kuti ndi zinthu zomwe Mulungu sadalamule kapena kuletsa. Matthias Flacius ndi anzake a ku Magdeburg adakana, nati chinthu chikakhala chokakamiza ndipo kuchivomera kukuoneka ngati kukana Uthenga Wabwino, sichikhalanso chaching'ono. Mkanganowu udathetsedwa mu 1577 m'ndime ya 10 ya Formula of Concord, chivomerezo china cha a Lutheran. Ndimeyi imati mpingo wa Mulungu pamalo paliponse ndi nthawi iliyonse uli ndi mphamvu yosintha miyambo yotere, koma popewa chibwana ndi kukhumudwitsa ena, makamaka polezera mtima ofooka m'chikhulupiriro. Imatinso pa nthawi imene adani a Uthenga akukakamiza, tisagonje ngakhale pa zazing'ono. Paulo adamudula Timoteo chifukwa cha chikondi, koma adakana kuti Tito adulidwe pamene ena adati mdulidwe ndi wofunika pa chipulumutso.

Ndime imeneyi ikukhudza mbali zonse kwanuko. Mkulu wa mpingo akanena kuti kuimba ng'oma ndi tchimo, waika lamulo pomwe Mulungu sadaike, ndipo ayenera kuwongoleredwa mwachikondi. Wachinyamata akanena kuti mapemphero opanda kuvina mulibe Mzimu Woyera, walakwa chimodzimodzi, mwinanso koposa, chifukwa wachotsa Mzimu m'Mawu ndi m'masakramenti momwe adalonjeza kupezeka n'kumuika m'thukuta lathu. Ndipo pakati pa akuluakulu akukanawo mufufuze bwino. Mwina pali bambo amene adakulira ku dambwe, amene adataya abwenzi ndi ulemu wa pamudzi pamene adabatizidwa. Kwa inu ng'oma ndi chida choimbira chabe. Kwa iye kaombedwe kena kamatchula dzina la gule ndi chilombo chake, ndipo thupi lake limakumbukira. Munthu wotere si wotsalira. Ndiye amene angakuuzeni kuti kaombedwe aka n'kabwino, aka ayi, kali ndi mwini wake. Mukamusiya kunja kwa zokambirana mudzataya mphunzitsi amene mumamufuna kwambiri.

Bungwe la Lutheran World Federation, mgwirizano wa mipingo ya Lutheran ya m'maiko osiyanasiyana, lidatulutsa chikalata ku Nairobi mu 1996 chonena za kupembedza ndi chikhalidwe. Si mipingo yonse ya Lutheran ili m'bungweli, koma mfundo imodzi ya mmenemo ndi yothandiza aliyense: kupembedza kumavala chikhalidwe cha malo, koma kumatsutsanso chikhalidwecho pamene chikusemphana ndi Uthenga. Kwathu kuno zikutanthauza kuti mipando ya kutsogolo yosungira mabwana, ndi kulengeza maina a opereka zambiri, n'zofunika kuziunika mofanana ndi mmene tikuunikira ng'oma.

Ndiye muchite chiyani? Musayambe ndi kubweretsa ng'oma Lamulungu likudzali kuti muone amene atuluke. Pitani kwa abusa, muwapemphe kuti akhale nanu pansi pamodzi ndi akuluakulu, muwerenge ndime zitatu zija, ya 7 ndi ya 24 za Chivomerezo cha ku Augsburg ndi ya 10 ya Formula of Concord, ndipo afotokoze chifukwa chimene gawo lililonse la mapemphero lilili pamalo pake. Ambiri mwa okangana mbali zonse sadafotokozeredwepo. Kenako kwaya yanu ichite chinthu chimene akuluakulu sakuyembekezera: iphunzire bwino nyimbo za m'buku, kuphatikizapo zovuta zomwe mpingo udasiya kuimba, ndipo izitsogolera mpingo m'malo moimba yokha. Mukatero mudzakhala ndi pakamwa popempha zanu. Ndipo zoyamba kupeka zisakhale makolasi atsopano ongowonjezera pa mulu. Tengani mawu a mwambo womwewo, "Ambuye mutichitire chifundo", "Woyera, Woyera, Woyera", "Mwanawankhosa wa Mulungu", ndi salimo la tsikulo, muwaike pa maimbidwe a kwathu, mmodzi kutsogola onse kuvomereza. Abusa aone mawu, agogo amve maimbidwe. Ngati mipingo yoyandikana nanu ya sinodi yomweyo ingagwirizane nanu, ndi bwino koposa, kuti mlendo wochokera ku mpingo wina asasochere.

Za anzanu amene adapita kumafelosipu, ng'oma yokha siwabweza, chifukwa komwe aliko zoimbira n'zambiri kuposa zimene mpingo wanu ungagule. Muwayendere mmodzimmodzi, muwafunse chimene adasowa. Ena adzati nyimbo, koma ena mudzapeza kuti adadwala kapena ntchito idawathera ndipo palibe wa ku mpingo amene adabwera kudzapemphera nawo. Zimenezo kwaya ikhoza kuyamba kuzikonza sabata ino, msonkhano wa akuluakulu usanakhale n'komwe.